Chaka chimene apongozi anga anasuta

Ine kwathu ndi ku Mtenguleni, kumene mkazi amatsata mwamuna, koma ndinakakwatira ku Chipangali, kumene mwamuna amatsata mkazi. Abale anga anandiseka mpaka nthiti kuwawa, amvekere Mngoni wathunthu wakamanga nyumba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi. Ndinakhala zaka zitatu pachikamwini, ndikuphunzitsa pakasukulu kamene makolo anamanga okha, ndipo ndinganame nditati ndinkazunzika. Mtedza unalipo wosatha, mkazi wanga ankaseka nthabwala zanga ngakhale zozizira, ndipo tinali ndi kamwana kakakazi kamene kanali katangoyamba kukwawa.

M'chaka chachitatucho ndinalandira kalata yondipatsa ntchito pasukulu ina ku Chipata, yoti ndikayambe mu Januwale. Kuti nditenge mkazi ndi mwana kunafunika chilolezo cha mwinimbumba, amene anali amalume a mkazi wanga. Mkuluyu sanali wankhanza ayi. Anali munthu wansangala, wokukana uku akukusenderera mango. Ankhoswe anga anapitako katatu, ndipo katatu konse anabwerako ndi mawu amodzimodzi: tiona, aphunzitsi asathamange. Ine ndinkadziwa kuti Januwale akandipeza pa "tiona" ameneyu, ndidzayenera kusankha pakati pa kupita ndekha ndi kutaya ntchito. Zonse ziwiri sindinkazifuna.

Bambo a mkazi wanga analibe mawu pankhaniyi. Nawonso anali mkamwini m'mudzimo, wa zaka makumi anayi. Anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, ankatuta chimanga ndi thonje la anthu, akaweruka n'kukhala pampando wandalema pansi pa mtengo wa mango, n'kumapichira fodya wa chingambwe. Pa zaka zitatu zonsezo chimene tinkapatsana ndi moni basi, ine nditanjuta patali, iwo akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinkafuna buku langa la mbiri yakale. Linali buku lalikulu lopanda chikuto, lamapepala opyapyala ngati a Baibulo, limene ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale pamsika ku Chipata. Linkafotokoza zochitika chaka ndi chaka. Nditalisowa m'sutikesi ndinafunsa mkazi wanga.

"Lopanda chikuto lija? Ndinawapatsa atate. Anasowa pepala la fodya," anatero, osaleka n'kutongola chimanga komwe.

"Liti?"

"Mwezi wa June. Akuti lipsa bwino kuposa nyuzi."

Ndinapsa mtima, koma ndikanakalipira yani? Mkamwini asamakule mwendo, makamaka amene akupempha chitengwa. Ndinapita pansi pa mango paja, ndinanjuta, ndinapereka moni, ndipo ndinaliona buku langa lili pansi pa mpando, litawonda ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Anali atayambira pakati, pamene linkatseguka lokha. Pepala lotsatira linali ndi mutu wakuti 1453.

Mawu anangondituluka okha. "Atate, ndipempha chimodzi. Pepala musanalisute, ndizikuwerengerani zimene zilimo."

Anasuzumira bukulo pansi pa mpando. "Muli nkhani?"

"Muli nkhondo."

"Khalani pa mtondo apo."

Ndimo tinayambira. Madzulo aliwonse ndikachoka kusukulu ndinkakhala pa mtondo wogubuduzika, ndikuwerenga Chizungu n'kumamasulira, iwo akuyang'ana kukhola. Ndikatha tsamba mbali zonse ziwiri ankaling'amba bwinobwino, n'kulidula timizere. Tsamba limodzi linkawakwanira masiku anayi kapena asanu, choncho nkhani inkayenda pang'onopang'ono, ndipo masiku apakatiwo tinkangokambirana zimene tawerenga kale.

Chaka cha 1453 chimenecho mfumu ya Aturuki, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, inazinga mzinda wa Konstantinopo, wa malinga amene anthu ankati sangagwe. Apongozi anga dzina la mzindawo silinawakhale pakamwa, ankangoti "kumalinga kuja". Za mafumu sankazilabadira kwenikweni. Chimene chinawadzutsa pampando ndi mfuti yaikulu imene bukulo linkati inakokedwa ndi ng'ombe makumi asanu ndi limodzi.

"Bodza," anatero. "Wolemba uyu sanagwirepo goli. Ng'ombe zinayi zokha kuti zikoke pamodzi, mawu amatha. Manje makumi asanu ndi limodzi? Yakutsogolo ikamva chikoti, yakumbuyo ikali kudya udzu."

Tinatsutsana masiku atatu. Anajambula pansi ndi kamtengo m'mene akanazimangirira iwo, magulumagulu, gulu lililonse ndi munthu wake woitana. Pamapeto anavomera kuti n'zotheka, koma pokhapokha kutakhala kuti woyendetsayo anali munthu wodziwa ntchito, osati ana a masiku ano. Titafika pamene anthu a mumzindawo anatchinga doko ndi unyolo, mnyamata uja n'kulamula kuti zombo zikokedwe pamtunda pa mitengo yopaka mafuta kukazitsitsira kuseri kwa unyolowo, anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuti ndione kuti mano akutsogolo analibe awiri.

Apongozi aakazi, amene ine sindinkayenera n'komwe kukumana nawo panjira, anayamba kupetera pafupi ndi khonde, lichero likuyenda pang'onopang'ono modabwitsa. Mkazi wanga ankandiseka kuti ndapeza bwenzi la msinkhu wanga. Masiku amenewo ndinali wokondwa, ngakhale kalata ija inkandiyabwa m'thumba.

Mvula yoyamba inagwa mzinda usanagwe, ndipo tinaleka sabata yathunthu chifukwa chodzala. Titabwerera, ndinawawerengera kuti mfumu ya mzindawo inalangizidwa kuthawa koma inakana, inafera pomwepo pamodzi ndi anthu ake. Ndinkayembekeza kuti aitama. Iwo anangoti, "Anali kwawo. Munthu kwawo safuna kulimbitsidwa mtima." Ananyambita pepala n'kupichira.

Masamba otsala a chakacho anali a kwina. Angelezi anagonja ku Falansa, n'kutha nkhondo imene inatenga zaka zoposa zana. Apa apongozi anga anangopukusa mutu, akuti mlandu wa munda ukafika kwa zidzukulu ndiye kuti palibenso akukumbukira pamene panali malire. Kenako panabwera nkhani ya mfumu ya ku Mangalande. Chaka chomwecho inadwala matenda odabwitsa, inangokhala duu, osayankhula, osazindikira anthu. Mkazi wake anabereka mwana wamwamuna. Patapita miyezi anabwera naye khandalo kuti bambo ake alidalitse, koma mfumuyo inangoliyang'ana kamodzi n'kugwetsanso maso pansi. Akuluakulu ena ndiwo anayamba kulimbirana zoyendetsa dziko.

Nditatha, sanang'ambe tsambalo. Anandiuza kuti ndibwereze pamene panali khanda. Ndinabwereza.

"Anali kumva, uyo," anatero.

"Buku likuti sankadziwa kanthu, atate."

"Buku silinali m'mutu mwake. Munthu ukhoza kukhala pakati pa ana ako, uona zonse, ukumva zonse, koma pakamwa pali mwala. Ena n'kumakambirana za mwana wako iwe uli pomwepo." Anatola kachitsotso n'kumakanda nako pansi. "Ana anga asanu ndi mmodzi. Sukulu, ukwati, maliro a uja wachiwiri, palibe pamene anandifunsapo. Sindidandaula, ndiwo mwambo, ndipo andisunga bwino anthu awa. Koma ndinali kumva."

Ndinachita manyazi kuti zaka zitatu ndinkawayesa munthu wopanda maganizo, pamene anali mnzanga wa goli limodzi. Za kalata yanga sindinawatchulire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Sikunali koyenera.

Khirisimasi itayandikira, ankhoswe anga anabwera kachinayi. Tinakhala pakhonde pa amalume aja Lamulungu titachoka kutchalitchi. Apongozi aamuna anaitanidwa mwaulemu chabe, monga mwa masiku onse, ndipo anakhala kumapeto, chipewa chili pabondo. Amalume anayankhula bwino kwambiri. Anandiyamikira kuti ndine wolima, wosamwa, waulemu. Kenako anati tauni ndi tauni, mwana akadali wamng'ono, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno, ntchito imene ndili nayo kale pamudzi ndiisunge. Ndinaona "tiona" akubwera.

"Alamu, ndiloleni."

Tonse tinatembenuka. Amalume anatsala kukamwa kuli yasa, chifukwa pa zaka makumi anayi anali asanamvepo mawu amenewo pabwalo la mbumba yawo.

"Mwana wanga uja ndi wanu, sindikukana," anatero apongozi anga, maso ali pachipewa. "Ine ndine mlendo pano. Koma ndinamunyamula pamsana kupita naye kuchipatala, ndimudziwa. Uyu mwamuna wake ndakhala naye miyezi itatu, ndamupima. Akakwiya sakweza mawu. Mukawalekanitsa mudzaononga zinthu ziwiri zabwino. Sindinakupempheniponi kanthu chibwerere. Lero ndapempha. Apite."

Apongozi aakazi, amene anali pamphasa kuseri kwa chitseko, anatsokomola n'kunena kuti nawonso saona cholakwa. Amalume anayang'ana mlongo wawoyo, anayang'ana mlamu wawo, kenako anaseka n'kuwomba m'manja. Anati ngati mwala wayankhula, iwo ndani kuti atsutse. Anaika mfundo zawo, kuti tizibwera nthawi yokolola ndiponso kuti matenda akagwa tisabise, ndipo ankhoswe anga anavomera msangamsanga asanasinthe maganizo.

Ndinakondwa kwambiri moti sindinaganize n'komwe chimene apongozi anga aamuna anataya. Pa ana awo onse, mkazi wanga yekha ndiye anatsala pafupi. Ndiye ankawapatsira madzi osamba, ndiye ankawazula minga kumapazi, ndipo kamwana kathu kankagona masana pamiyendo pawo. Izi anandikumbutsa ndi mkazi wanga tikumanga katundu, misozi ili m'maso.

Apongozi aamunawo anatiperekeza okha pangolo mpaka kumsewu waukulu, m'mawa kutagwa mvula, matope akugwira mateyala. Anatsitsa matilesi, sutikesi, thumba la mtedza ndi nkhuku ziwiri. Anamunyamula mdzukulu wawo pang'ono n'kumubwezera kwa mayi ake. Ndinati tidikire limodzi basi ya ku Chipata, koma anakana, akuti ng'ombe zili ndi njala.

Atakwera pangolo anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Ine ndinkati ndikhala zaka ziwiri, kenako ndipempha kupita naye kwathu mkazi wanga," anatero. "Ndinkadikira kuti wina andiyankhulire. Pitani, aphunzitsi."

Anakhwefula chingwe, ng'ombe zinatembenuka. Mkazi wanga anaitana kuti "Atate", iwo anangokweza dzanja osacheuka. Tinaima pamenepo mpaka ngolo inalowa m'chimanga.

Ku Chipata takhalako mpaka lero, ana anakula, ena ali ndi ana awo. Apongozi anga anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo anaikidwa m'mudzi momwemo, kwa akazi awo. Kwawo sanabwerereko.