Njerwa za tchalitchi zokana kugawika

Bambo anga anali mkulu wa mpingo kwathu, kufupi ndi Kasakula, ndipo chaka chimene tinkakuza tchalitchi ndiwo anapatsidwa ntchito yowerenga njerwa pa uvuni. Anapeza 10,007. Uvuniwo unali kudambo, tchalitchi chili pamwamba pa phiri, ndiye midzi itatu ya mpingo wathu inayenera kugawana mofanana n'kututa pamutu.

Atagawa, mudzi uliwonse unapeza 3,335, n'kutsala ziwiri. Kwina anthu akanakondwa kusenza zochepa, koma kwathu ayi. Mudzi wotsalira pa ntchito ya mpingo amaupekera nyimbo, ndipo amayi amaiimba mpaka pa maukwati. Palibe amene anafuna kuperewera ndi njerwa imodzi. Posakhalitsa kunayamba manong'onong'o akuti bambo akalamba, mutu sukugwiranso, udindo apatse ena. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa munthu ameneyu ankadziwa ndi mapesi a m'munda mwake omwe.

Nthawi imeneyo ndinali nditayamba kuphunzitsa masamu kusekondale, ndipo pa nambala sindigonja. Loweruka ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuiyesa. Pawiri inakana, poti imathera ndi 7. Patatu inakana, pasanu inakana. Ndinapitiriza ndi 7, 11, 13, mpaka 97, pamene munthu amayenera kulekera, chifukwa 101 kuchulukitsa ndi 101 wapitirira kale. Paliponse pankatsala kanthu. Ndinaseka ndekha. Nambalayi ndi ya gulu lija losagawika, logawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo mwa nambala zotere za manambala asanu, yoyamba ndi imeneyi. Mwa nambala zonse, uvuni wathu unasankha yamakani ngati eni ake.

Lamulungu titaweruka ndinapempha kuyankhula.

"Bambo sanalakwitse," ndinatero. "Ngakhale midzi ikanakhala inayi, isanu ndi iwiri, kapena makumi awiri, zikanatsalabe. Vuto ndi nambalayo."

Mayi wina wa mvano anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tamva, aphunzitsi. Ndiye nambala yanuyo isenza yokha?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma sindinabwerere m'mbuyo. Ndinawauza kuti ikawonjezekera imodzi yokha, kukhala 10,008, mudzi uliwonse utenga 3,336 popanda chotsala. Wina anati njerwa yosaotcha siloledwa pa nyumba ya Mulungu, ndipo palibe angayatse uvuni chifukwa cha njerwa imodzi. Apa nkhani inaima, ndipo ndinaona akuluakulu ena akuyang'anizana.

Bambo anaimirira. Anatsika kunyumba, ife tikuwaona, natenga kakhasu. Anagogoda pakona pa khonde lawo, limene anamanga okha atangokwatira amayi, mpaka njerwa imodzi inasomoka. Anaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kupita nayo kudambo ife tili pambuyo, n'kuiika pamwamba pa mulu.

"Werenganinso," anatero.

Palibe anawerenga. Lolemba m'mawa midzi yonse itatu inali pamzere ndi nkhata pamutu, ndipo amene ankaitana mayina anali bambo.