Mzungu Sayenda Pansi

Ndikukumbukira fumbi la pabwalo la sukulu yathu ku Nsanje, ndipo chandikumbutsa ndi nkhani yopsetsa mtima. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, amayi ena a komiti ya Amalawi okhala kuno ku Nairobi anandiimitsa pageti. Akuti chaka chino pa tsiku la ufulu ana achita sewero la mbiri ya dziko lathu, kunyumba kwa bwana wina ku Spring Valley, ndipo mwana wanga Tadala amusankha kukhala mzungu. Ati poti ndi woyererako. Ine ndinangoti zikomo amayi, koma m'matatu, minibasi ya kuno, njira yonse mpaka kwathu ku Utawala ndinkangodziyankhulira ndekha. Abale inu, dziko lonseli oyererako ndife tokha?

Sukulu ine sindinapite nayo patali, ndinalekera Sitandade 6. Ndiye mbiri imene ndimaidziwa bwino ndi imodzi yokha, ndipo sindinachite kuiwerenga ayi, ndinachita kuivala.

Ndinali Sitandade 4. Aphunzitsi athu anali a Chikafa, munthu wa ku Dedza, amene kutentha kwa kwathu kunkawazunza moti mpango wopukutira thukuta sunkachoka m'manja. Chaka chimenecho kunamveka kuti a tcheyamani a chipani adzadyera tsiku la ufulu pasukulu pathu. Makalasi ena anangosankha magule, basi, nkhani yatha. Koma a Chikafa ayi. Iwo anafuna sewero, lonena za doko lathu kuyambira pachiyambi.

Paja kale tauni yathu inkatchedwa Port Herald. Sitima zinkachokera kunyanja yamchere, kukwera Zambezi, kulowa m'Shire, zitasenza mchere, nsalu, mikanda ndi azungu omwe. Pobwerera zinkatenga thonje. Kenako kunabwera msonkho, kenako chitaganya, anthu nakana, mpaka tinayamba kudzilamulira, mbendera yathu nikwera, dzina lachizungu lija nalichotsa. Zonsezi a Chikafa anafuna zichitike pabwalo limodzi, ndi ana osavala nsapato.

Mzungu anafunika mmodzi woimira onse: wogula thonje yemweyo, wokhometsa msonkho yemweyo, wotsanzika yemweyo. Anayang'ana kalasi yonse, maso n'kudzaima pa ine. Sindinapemphe. Ndikufuna zimenezi zimveke, sindinapemphe.

Chipewa changa chinali chikho chachikulu chopaka laimu. Kumaso ankandipaka ufa woyera wosakaniza ndi madzi, ukauma nkhope inkachita kukoka ngati chikopa cha ng'oma. Masokosi anali a aphunzitsi eni ake, ondifika m'ntchafu, omanga ndi luzi. Ndiye panali sutikesi yakale yopanda kanthu. Koma chimene sukulu yonse inkanyadira chinali sitima. Tinaimanga ndi bango, n'kuikuta ndi makatoni ndi mapepala a simenti, zonse zomata ndi phala la chinangwa, mapoto ndi mapoto a phala. Pamwamba panali chitini chokhala ndi ndowe zouma zofuka utsi. Anyamata ankalowa m'kati n'kumaiyendetsa ndi miyendo yawo, kutsogolo kuli mnzanga Zuze, kaputeni, akuliza huta ndi phesi la papaya.

Tsiku lina tikuyeserera, dzuwa litandikwana, nditangopereka kiyi wa doko kwa mnyamata woimira Amalawi ndinanyamula sutikesi n'kuyamba kuchoka sitima isanafike. Rula ya a Chikafa inatera pamsana.

"Ukupita kuti? Mzungu sayenda pansi! Uime pomwepo mpaka sitima ikupeze, ngakhale kugwe mvula ya miyala. Wamva?"

"Ndamva, sala."

Ndipo ndinamvadi. Vuto langa kuyambira kale ndi limenelo, ndikauzidwa chinthu ndimachigwira ndi manja awiri.

Anzanga a msinkhu wanga mukudziwa mmene zinalili masiku amenewo. Pamaso pa a tcheyamani sipanali poseweretsa. Tinkamva akuluakulu akunong'onezana za anthu amene anakwezedwa galimoto chifukwa cha mawu amodzi olakwika, osaonekanso. A Chikafa anali ndi mkazi ndi kamwana kakhanda, ankakhala kanyumba ka kuseri kwa ofesi. Mmawa wa tsikulo anandigwira mapewa n'kuti: "Ukalakwitsa iwe, wopita ndine."

Poyamba zonse zinayenda bwino. Sitima inatulukira kuseri kwa kalasi ikufuka, Zuze akuliza phesi lake, anthu anachita kuimirira. Ine ndinatsika, n'kuyamba kuloza uku ndi uku ndi kandodo. Sitima inabwerera kuseri kukadikira nthawi yodzanditenga. Atsikana anabwera ndi mitolo ya thonje pamutu, ine n'kumaikana kuti ndi lakuda. Kenako msonkho. Ndinakalipa Chingerezi chimene ngakhale ine sindinkachimva, amayi ena mpaka anandilozera chala.

Pamenepo ndi pamene a tcheyamani zinawakhudza. Anaimirira pakati pa sewero, n'kukweza dzanja. Akuti ana awa andikumbutsa. Ndiye anayamba kufotokoza mmene iwo anavutikira nthawi ya chitaganya. A tcheyamani akamayankhula, mwana aliyense ankayenera kukhala pansi kutsogolo n'kumawomba m'manja, ndiye a hedimasitala anatumiza munthu kukatenga Zuze ndi anzake kuseri kuja. Sitima inatsala yokha.

Anayankhula bambo aja. Mthunzi wa mtengo unachoka pamene unali n'kupita kwina, iwo akadali pa chitaganya. Ufa wa kumaso kwanga unayamba kutsetsereka ndi thukuta n'kumalowa m'kamwa. Ndipo mpaka lero ndimadzifunsa, pa anthu onse aja, aphunzitsi ophunzira bwino, makolo obadwira konkuja, panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza kuti ku Nsanje kuli mbuzi? Chinthu chomata ndi phala la chinangwa, n'kuchisiya chokha kuseri kwa kalasi, ku Nsanje!

A tcheyamani atakhala pansi, sewero linapitirira. Anthu anakana chitaganya, ine ndinagwetsa nkhope monga anandiphunzitsira, ndinapereka kiyi, mbendera inakwera, nthungululu zinamveka. Ndinanyamula sutikesi n'kuima pamalo panga. Zuze ndi anzake anathamangira kuseri.

Zii.

Ndinadikira. Nthungululu zinatha. Kenako ndinaona mutu wa Zuze ukusuzumira pakona ya kalasi, m'manja atanyamula chitini chokha, chikufukabe. Kumbuyo kwake kunatuluka mbuzi yaikazi, mimba ili nganganga, ikutafuna pepala la simenti mosafulumira.

A Chikafa anayamba kundikodola ndi maso, kenako ndi chibwano, kenako ndi mpango, kuti choka, choka. Koma ine m'mutu mwanga ndinati awa akundiyesa. Rula ija ndinali ndisanaiiwale. Ndinaima njii ngati mtengo wa mbendera.

Munthu wina kumbuyo anakuwa: "Mzungu wakana kupita!"

Anthu ochepa anaseka, koma kuseka kwake kunafa msanga, chifukwa a tcheyamani sanaseke. Anyamata a chipani amene anakhala m'mbali anayamba kudzuka mmodzimmodzi. A tcheyamani anatembenuka pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, ufulu tapata, mbendera yakwera, mtsamunda akadali pompano. Sewero lanuli likufuna kutiuza chiyani?"

A Chikafa anapukuta thukuta ndi mpango wawo. Anandiyandikira n'kunong'ona kuti thawa, mwana iwe. Ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti malangizo ndinawasunga, ndinayankha mokweza, bwalo lonse likumva: "Koma sala, munanena nokha kuti mzungu sayenda pansi!"

Mpango uja unagwa m'fumbi. Akazi awo, amene anaima pafupi ndi ofesi mwana ali kumbuyo, anagwira pakamwa.

Kenako kunamveka belu la njinga. Ngiri ngiri! Anali ababa. Iwo ankagulitsa milamba yowamba pamsika, ndipo anali atangofika kumene kudzaonerera, dengu la nsomba likadali pakaliyala. Sanafunse munthu. Anapalasa kudutsa pakati pa bwalo, kudutsa kutsogolo kwa a tcheyamani, n'kudzaima pamaso panga. Anavula chipewa mwaulemu wonse.

"Bwana, sitima yanu yadyedwa. Kwerani iyi. Dziko lino eni ake akulifuna."

Sanadikire yankho. Anandinyamula m'khwapa n'kundiika m'dengu la nsomba, miyendo ili m'mwamba, masokosi a aphunzitsi akulendewera, sutikesi pamimba. Belu linaliranso, ulendo. Azimayi anayamba kutithamangira akuwomba m'manja, ena akundigenda ndi makoko a nzimbe. Nditacheuka ndinaona a tcheyamani atagwira mimba ndi kuseka, akupukuta misozi.

Tinamva pambuyo pake kuti anagwira a Chikafa chanza, n'kunena kuti sanaonepo sewero lanzeru chotere, mtsamunda kubwera pa sitima n'kuchoka m'dengu la milamba. A Chikafa akuti anayankha kuti zikomo bwana, tinazikonza choncho. Tinazikonza! Iwo anatsala pantchito, mwana wawo anakulira pomwepo, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Mbuzi zinakhuta. Ine chimene ndinapata ndi dzina loti Bwana Mlamba, limene mpaka lero ndikatsika basi ku Nsanje limandichingamira.

Ababa sanapite nane kunyumba. Anapalasa mpaka kumtsinje, pamene panali doko lakale. Panalibe chooneka kwenikweni, zitsulo zadzimbiri zokha zitatulukira m'bango, ndi fungo la matope. Anaponya mwala m'madzi kuopa ng'ona, n'kuyamba kundisukusula ndi dzanja lawo lokhakhala. Anandiuza kuti bambo awo ankasenza mabelo a thonje pamalo omwewo, msana mpaka unapindika. Kenako anandiyang'ana, madzi oyera akutsika m'khosi mwanga.

"Anzako onse adzilamulira lero. Iwe wekha ukudikira kuuzidwa?"

Ndinkalira, komanso ndinkanunkha nsomba.

Masiku ano ndine dalaivala ku Gigiri. Azungu ndimawanyamula ndine, kuwaperekeza ku eyapoti m'jamu ya Nairobi, ndipo ndikutsimikizireni, sayendadi pansi. Kungoti awa akapita amabweranso mwezi wamawa. Kwathu kuja anamanga doko latsopano la simenti, nditapitako ndinapeza ana akuwedza pamenepo, sitima sindinaione. Kaya inadyedwanso, sindikudziwa.

Amayi a komiti aja akuti ndisadandaule, sitima ya chaka chino akakonzetsa kutauni, ya pulasitiki, ndipo ku Spring Valley kulibe mbuzi. Chabwino. Koma mlendo wolemekezeka adzakhalapo, ndipo alendo olemekezeka sanasinthe, akaimirira sakhala pansi. Ndiye dzulo ndinamukhazika Tadala pampando, ndinamufotokozera zonsezi kuyambira pa phala la chinangwa mpaka pa dengu. Ndinati mwanawe, sitima ikachedwa usadikire munthu, nyamula sutikesi uziyenda.

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chisena cha makolo, n'kuti: "Adadi, nanga n'kuyenderanji? Ndingoitana boda boda pa foni."

Paja boda boda ndiye kabaza wa njinga yamoto wa kuno. Mwina iyeyo ndiye wadzilamulira zenizeni. Komabe ine ndapempha kale galimoto kwa abwana. Tsiku limenelo ndidzaimika pafupi ndi geti, itayang'ana kunja.