Mendulo ya Mabowo Awiri

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinadziwa kuti nsanje imatha kumuthetsa munthu njala. Kwathu ndi kufupi ndi Bembeke, kumene mwezi wa June ukafika madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo nkhungu imatsika m'phiri n'kukhazikika pabwalo mpaka dzuwa litakwera.

Bambo anga anakhalako zaka zingapo ku Joni, akusamala maluwa pakhomo pa mzungu wina wokalamba. Anzawo pobwerera kumudzi ankanyamula mawailesi, mabulangete ndi njinga. Iwo anabwera ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi chimbale kunsi kwake, imene bwana wawoyo anawapatsa atatopa nayo. Anali makina ofufuzira zitsulo zokwiririka m'nthaka. Ukamayendetsa chimbalecho pamwamba pa dothi, makinawo ankalira akafika pamene pali chitsulo. Anthu a m'mudzi anangowatcha chiwaya cha a Mbewe, ndipo ankanong'onezana kuti bambo akusaka chuma chimene azungu anakwirira. Chumacho ife sitinachionepo. Zimene zinkabwera kunyumba ndi misomali, zidutswa za makasu, mabatani, ndi makobidi akale obooka pakati. Amayi, poona mabatire a wailesi yawo akuthera m'chiwayamo, anachipatsa dzina lawolawo. Ankati mkazi mnzanga.

Chiwayacho chinali ndi nyengo yake. Chinkayenda tchire likapsa, anthu akamagalauza mizere, ndiponso mvula yoyamba ikafewetsa nthaka. Dzinja lonse bambo anali mlimi ngati wina aliyense. Tikakolola, kuzizira n'kuyamba, nthaka inkauma gwa, udzu unkakhala utatalika, ndipo bambo ankaopa kuti chinyontho cha chiperoni chiwawonongera makina. Ndiye ankachotsamo mabatire, n'kuchikulunga chiwayacho m'chiguduli, n'kuchipachika kudenga. Kenako ankatsitsa zitini zimene munali zonse zimene anatola chaka chimenecho, zikadali ndi matope ake. Miyezi yozizira inali yotsuka.

Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pakhonde atavala chijasi chawo, mbaula ili pakati pa miyendo, mbatata ya kachewere ikupsa m'phulusa. Pambali pawo pankakhala mswachi wakale, mandimu odula pakati, kansalu, ndi chitini cha madzi ofunda. Achimwene anga analibe nazo ntchito, iwo mtima unali ku mbewa ndi ku mpira. Ine ndinali ndi kampando kanga. Bambo anali munthu wosayankhulayankhula, koma akagwira mswachi pakamwa pawo pankamasuka. Ankandiuza za sitima za ku Joni, za agalu amene amagona pabedi, za mmene kulira kwa msomali kumasiyanirana ndi kulira kwa khobidi. Khonde lonse linkanunkha ndimu, makala ndi dzimbiri, ndipo ine ndinkadziona kuti ndine mwana yekhayo amene bambo anabereka.

Tsiku lina anandipatsa kachibuma kobiriwira, kakakulu ngati chala chachikulu, kamene anati anakapeza m'njira yotsika kuchokera kutchalitchi kupita kumadimba.

"Tsuka aka," anatero. "Koma osakanda ndi mpeni. Ndimu ndi mswachi basi, pang'onopang'ono."

Ndinatsuka masiku ambiri. Poyamba kunaoneka m'mphepete, mosalala bwino. Kenako manja awiri otambasula. Tsiku limene nkhope inatulukira ndinakuwa mpaka amayi anathamanga kuchokera kukhitchini, poganiza kuti ndapsa ndi mbaula. Inali mendulo ya Amayi Maria, yachikasu, yolemerera m'dzanja, osati zopepuka zija zimene timaziona masiku ano. Chaka chimenecho ndinali kukonzekera kulandira Ukaristia woyamba. Palibe amene anandiuza kuti menduloyo ndi yanga, koma inenso sindinaone chifukwa chofunsira. Anaipeza ndi bambo anga, ndinaitsuka ndine, zala zanga zinachita kusupuka ndi ndimu. Ndinamasula ulusi wabuluu kujuzi yakale, n'kupota kachingwe kokongola, n'kukabisa pansi pa mphasa.

M'kalasi yathu ya katekisimu munali mtsikana wina dzina lake Filomena, mwana wa a Ngozo amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya mapaini. Filomenayo ndinali kudana naye kale mwakachetechete. Mafunso onse ankayankha ndiye. Akayimba, azimayi a kwaya ankatembenuka. Akalakwitsa, aphunzitsi ankangomwetulira, pamene ine ndikalakwitsa chomwecho ndinkagwada pamiyala. Amayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndiye mudzi wonse unkamutcha mwana wathu, ndipo aliyense wokazinga zitumbuwa ankamusungira chimodzi. Ndinkalota tsiku limene ndidzayime pafupi naye kutsogolo kwa tchalitchi, mendulo ikung'anima pachifuwa panga, iye pakhosi pali mbee.

Dzimbiri la pamwamba litachoka, panaoneka chinthu china. Kamphete kolowetsamo chingwe kanali kothyoka, ndipo pambali pake wina anaboolapo bowo lachiwiri ndi msomali, lopendekeka pang'ono. Bambo anaitenga menduloyo, anaiyang'ana nthawi yaitali ataloza kudzuwa.

"Iyi mwini wake ankaikonda," anatero. "Munthu savutika kuboola chinthu chimene sakuchifuna."

Ndinadziwa chimene chikubwera, chifukwa kutsuka sinali ntchito yokhayo ya miyezi yozizira. Chilichonse chimene chaonetsa chizindikiro cha mwini, bambo ankachiika m'thumba la chijasi n'kumayenda nacho kutchalitchi, kumphakati, ngakhale kumaliro, akufunsa anthu. Anabwezapo kiyi wa njinga, anabwezapo belu la ng'ombe ya ngolo, ine osadandaula. Koma ulendo uno ndinagwada pamphasa n'kupempha Amayi Maria, ndi mtima wanga wonse, kuti mwini mendulo yawo asapezeke. Ndinawalonjeza kuti ndidzasesa tchalitchi mpaka Khirisimasi.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anthu anakhala panja kuothera dzuwa. Bambo anatulutsa mendulo ija ndipo inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Ine ndinali kuitsatira ndi maso. Inadutsa azimayi onse, aliyense akupukusa mutu, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Itafika kwa a Ngozo inaima. Munthu wamkulu uja, wa manja okhakhala ndi sowo, anaitembenuza kamodzi n'kukhala pansi pafumbi ndi buluku lake la kutchalitchi.

"Bowo ili ndinaboola ndine," anatero. "Ndi ya mayi a Filomena. Mwanayu ali kumsana anakoka chingwe, popita kudimba. Tinaifunafuna mpaka kutopa."

Azimayi anayamba kulira, ena kuyimba. Filomena anangoima chilili ataphimba pakamwa. Ine ndinayang'ana gulu lonselo ndi kuwawidwa mtima kosaneneka. Pa anthu onse a m'parishi, inalephera kukhala ya nkhalamba ina yopanda mwana? Inachita kusankha Filomena?

Zikanathera pomwepo mwina ndikanapirira. Koma bambo anauza a Ngozo kuti kumbuyo kwa menduloyo kunali kusanayere, ndipo ndi bwino mwanayo abwere adzamalize yekha. Mawa lake pochokera kusukulu ndinapeza Filomena atakhala pakampando kanga, mswachi wanga uli m'manja, bambo akumuonetsa mmene amafinyira ndimu. Anamusendera kachewere. Anamuuza za agalu ogona pabedi, nkhani yangayanga, ndipo iye anaseka pamalo pomwe ine ndinkasekapo. Bambo anandiuza kuti nditenge mtondo ndikhalepo, ndizitsuka makobidi. Ndinakana, ndinati mutu ukundipweteka. Ndinakaima kuseri kwa nkhokwe, mphepo ikundilowa m'mafupa, ndikuwasuzumira. Chakudya chamadzulo ndinangochitosa, ndipo amayi anandigwira pamphumi kuona ngati ndi malungo.

Tsiku limene anamaliza, Filomena anafunsa ngati pakhomo pali kachingwe. Amayi, amene ankayalula mphasa yanga m'mawa uliwonse, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ulusi wanga wabuluu uja.

"Taona, mnzakoyu anakupotera kale," anatero, akundiyang'ana monyadira ngati ndachita chinthu chaulemu.

Filomena anandithokoza mpaka kugwada pang'ono. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamukankhira pambaula.

Pa tsiku la Ukaristia tinaima pamzere umodzi monga ndinkalotera muja, koma mendulo inali pachifuwa pake, pa chingwe changa. Wansembe atafika pa iye anaigwira n'kumwetulira. Potuluka, azimayi anamuzungulira ndi nthungululu, aliyense akufuna kuikhudza. Ine ndinali nditaphunzira bwino lomwe kuti munthu salandira Ambuye ali ndi chidani mumtima, koma chidanicho chinakana kutsala panja. Ndinalowa nacho, ndinatuluka nacho.

Titafika kunyumba bambo anakhala pakhonde n'kuyamba kutsekera zitini zawo, poti mphepo yotentha inali itayamba ndipo utsi wa lupsa unali kuoneka kumapiri. Ndinaima patsogolo pawo ndi diresi langa loyera, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Ababa, chiwaya chanucho chimangopezera ana a eni? Ine mwandipezerapo chiyani?"

Sanakalipe. Anaika chitini pansi n'kundiyang'ana.

"Wataya chiyani, Sesiliya?"

Ndinaganiza. Ndinafuna kutchula kanthu, kalikonse, koma panalibe.

"Palibe," ndinayankha.

"Ndiye chikupezere chiyani? Chimenechi chimapezera amene anataya. Amayi ako ali apo akuthyola nkhuni. Kavule diresilo ukawathandize."

Ndisaname, sindinamve kanthu tsiku limenelo. Ndinangoti ndi nzeru za akuluakulu zomanira mwana. Ndinapita kukathyola nkhuni ndikufwenthera, ndipo nsanje ija ndinakhala nayo zaka. Filomena akakhala kutsogolo m'kalasi, ine maso ankangokhala pa ulusi wabuluu wa pakhosi pake. Ulusiwo utatha anaikapo tcheni, koma ine ndinkauonabe.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Lilongwe. Amayi anatisiya chaka chapitacho, mvula ili pakati. Mwezi wa June utafika ndinakwera minibasi kukaona bambo, poopa kuti kuzizira kuwapeza okha. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, chijasi china koma mbaula yomweyo, zitini zili mbwee. Chiwaya chimalirabe, ngakhale mawu ake anasasa, ndipo sapita nacho kutali chifukwa cha mawondo. Amangozungulira nacho pakhomo.

Titacheza pang'ono anavundukula chitini chimodzi n'kundipatsa kachitsulo kakuda, kopindika. Anati anakapeza kuseri kwa khitchini, pamene kale panali thandala la mbale. Kanali kasupuni ka tiyi. Ndinatenga ndimu ndi mswachi mongowasangalatsa, ndikuwafunsa za mbewu ya kachewere. Dzimbiri litayamba kuchoka pachigwiriro, ndinaona timizere tiwiri topingasa ndi kadontho pambali. Amayi ankakanda chizindikiro chimenechi ndi msomali pa supuni zawo zonse, kuti zikapita kukatumikira kumaliro kapena kuukwati zizibwerako. Ndinkawaona akukanda atakhala pamphasa, lilime atalumira, akudandaula kuti anthu a m'mudzi uno sabweza zinthu.

Manja anga anaima. Bambo anali kuyang'ana makala.

"Chakupezera tsopano," anatero motsitsa.

Ndinalira pakhondepo kuposa mmene ndinalirira kumanda. Zaka zonse zija ndinkachitira nsanje mwana amene anapatsidwa kachitsulo m'malo mwa amayi ake, pamene anga anali kuseri kwa nyumba akuthyola nkhuni, akundiyitana kuti ndikawathandize. Supuniyo ndinaitsuka mpaka kuyera, ndipo ndinabwera nayo kuno. Koma wina atandifunsa lero chimene ndikufuna, ndingasankhe kubwerera pakhonde paja ndi diresi loyera, pakhosi popanda kanthu, bambo andifunsenso chimene ndataya, ine ndiyankhe kuti palibe.