Nambala imene inakana kugawika

Sileti yanga inali yobenthuka pakona, ndipo dzinja lonse la chaka chimenecho inanyamula nambala imodzi: 7,919. Aphunzitsi anaikopera pabolodi kuchokera m'buku lawo lakuda, bukulo ataligunditsa pamphuno monga ankachitira masiku amenewo. Anati tipeze manambala oigawa popanda chotsala, ndipo wolephera aiwale zokhoza Sitandade 4.

Kwathu nkhani inali itatha kale. Amalume anali atalankhula ndi kapitawo wa kuesiteti, dengu n'kubwera nalo. "Akalephera akathyole tiyi ngati anzake," anatero amalumewo. Dengulo analipachika pakhonde, ndipo ndinkalilambalala ngati pali njoka. Zala za amayi ndinkazidziwa, zong'aluka, zakuda ndi utomoni wa masamba.

Ndinayamba ndi 2, kunatsala 1. Ndi 3 kunatsala 2, ndi 7 chimodzimodzi. Ndinkafufuta ndi malovu mpaka lilime kuwawa. M'mawa uliwonse tinkaima pamzere pakhomo la kalasi, mvula ikudontha m'denga laudzu, aliyense n'kulandira ndodo ziwiri za bulugamu m'manja ozizira. Anzanga ena anasiya kubwera.

Lero ndikudziwa kuti nambala imeneyi ili m'gulu la zija zosagawika, zongolola 1 ndi iyo yomwe, ndiponso kuti ndikanalekera pa 89. Panthawiyo ndani akanandiuza? Ndinapitirira mpaka 300, ndikukhulupirira kuti mbuli ndine. Tinaleredwa kuti wamkulu salakwa, nanji mphunzitsi wovala nsapato.

Chimene chinanditsegula pakamwa si kulimba mtima ayi, ndi dengu lija. Amalume anali atalitsitsa n'kulimangira chingwe chatsopano, chofupika, cha msinkhu wanga. Mawa lake ndinatsalira anzanga atatuluka.

"Aphunzitsi, nambala ija sigawika."

Anagwira ndodo, kenaka anaisiya. Anatsegula buku lija n'kundipatsa, chinthu chimene mwana aliyense sankachikhudza. "Werenga pamenepo, mokweza."

Ndinawerenga: 7,917.

Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Nambala ya m'bukuyo ikanagawika ndi 3 tsiku loyamba lomwe, kenaka 7, 13 ndi 29, masamu a theka la ola. "Usauze munthu, mwanawe," anatero motsitsa mawu, "makamaka a kumishoni, eni sukulu ino." Ndinathamanga mpaka kwathu osacheuka, ndikuganiza kuti ndapulumuka mlandu wamwano.

Ndinakhoza, ndipo dengu linapita kwa mwana wa amalume. Za anzanga amene anathawa ndodo n'kukalowa m'tiyi, mtima umandiwawabe, ndipo sindinganame kuti aphunzitsiwo ndinawakhululukira zonse. Chaka chotsatira kunabwera mphunzitsi wina. Akale aja ndinakumana nawo patapita zaka pamsika wa Luchenza, mdzukulu wawo akuwatsogolera ndi ndodo, ndipo ndinagwada kuwapatsa moni ndikudabwa kuti bwanji akuyang'ana kumbali.

Dzinja lonse lija ine ndinkangoti amakonda fungo la buku.