Lero Madzi ndi Athu

Tsiku limene aphunzitsi a kuyunivesite ya kunja anakonza zondifunsa mafunso pa vidiyo, linali lomwelo limene munda wathu wa mpunga ku Bwanje unayenera kulandira madzi. Kusikimu ya ulimi wothirirayi madzi timalandira mosinthana, ndipo ukaphonya tsiku lako umadikira mpaka adzakupezenso. Bambo anali atagonekedwa m'chipatala ku Mua, mayi akuwadwazika. Mbande tinali titangowokera kumene, koma zinali zitayamba kale kufota.

Ndinavala bulauzi yoyera ndi chitenje chakumunda, n'kukaima m'mbali mwa ngalande foni ili m'manja. Malo okaphunzira ulimi wothirira kuyunivesiteko ndinkawafuna ndi mtima wonse.

Mayi wachizungu wa kuyunivesiteko atangoyamba kundifunsa, ndinaona madzi akuchepa. Nditacheuka, ndinapeza abambo a munda woyandikana ndi wathu akutseka njira yathu ndi chibuma, madzi akukhotera kwawo. Ankadziwa bwino kuti eni munda ali m'chipatala.

"Ankolo, chotsani chibumacho! Lero madzi ndi athu!" ndinakuwa, osazimitsa n'komwe foni.

Anandiyankha kuti mwana wasukulu sangawauze za madzi. Ndinalowa m'matope, n'kuchigumula ndekha ndi phazi. Bulauzi ija inathera pomwepo.

Nditayang'ananso foni, mayi aja anali adakalipo. Anabwereza funso lawo mofatsa: n'chifukwa chiyani ndikufuna kuphunzira kagawidwe ka madzi?

Ndinali ndikupumabe mwawefuwefu. Ndinangotembenuza foniyo kuti adzionere okha.