Malaya a Mkono Umodzi

Aphunzitsi athu a zosokasoka savala malaya a m'sitolo. Amavala malaya oyamba amene wophunzira aliyense wasoka, kaya kolala yapendama, kaya thumba lathawira kukhwapa. "Ndikapanda kuvala ine, ayambe ndani?" amatero akudziyang'ana pagalasi ngati bwana wamkulu.

Mwezi wathawu mnzanga wina anasiya sukulu. Mkono wa malaya unamukanika kanayi konse, ndiye anati mutu wake si wa zimenezi. Aphunzitsi sanamuimbire foni. Anangotulukira kwawo m'mawa atavala malaya omwewo, a mkono umodzi, phewa linalo lili pamtunda.

Mayi ake anafa nalo phwete. Mnzangayo anagwira kukamwa. "Aphunzitsi, mwayenda mumsewu chonchi?"

"Ndi pamsika pomwe ndadutsa, mwanawe. Aliyense akufunsa za telala wanga, ine ndikuti sanamalize. Mawa ndivalanso."

Anabwerera nawo kusukulu tsiku lomwelo, akuyenda mbali ya phewa lija kuti awabise. Kachisanu mkono unakhala bwinobwino, aphunzitsi akudikira pambali pa makina, ali ndi vesiti yokha, akuimba mluzu.