Macheka a Mkamwini

Ku Makete kuno, macheka a petulo akayamba kutsamwa pakati pa chipika, mwini wake amawasenza kupita nawo kwa a Yusto Luvanda, kuseri kwa msika wa mbatata. Mkuluyu ndi wouma thupi, wosaseka, ndipo makina amayamba wawamvera ndi khutu asanagwire sipanala. Akakoka chingwe n'kumva kaliridwe kake, amadziwiratu kuti vuto ndi pulagi, sefa kapena mpweya. Zikakanika amayamwa paipi ya mafuta ndi pakamwa n'kulavula, moti milomo yawo inachita kusuwa ndi petulo. Chimene amadana nacho pamoyo wawo ndi uve, makamaka uve wa munthu wamkulu wandevu zake.

Ndiye tsoka ilo, mwana wawo Atuganile anakwatiwa ndi Festo.

Atu atabadwa, a Luvanda anamudzalira paini mbali yonse ya phiri, monga timachitira kuno, kuti mwana akadzakula asadzapemphe mchere kwa anthu. Mitengo inakula limodzi ndi mwanayo. Festo atalowa m'banjamo anabwera ndi pakamwa pozuna: tigulitse mitengo, tigule macheka, ndizicheka matabwa, mkazi wanga azidya nyama. A Luvanda anakana, Atu analira, iwo anagonja. Phiri lonse lija linasanduka makina amodzi oti munthu n'kunyamula ndi dzanja limodzi.

Sipanapite nthawi, makina anayamba kudwala. Ali m'malere ankalira bwinobwino, koma akangoluma mtengo mphamvu zonse balala, kenako zii, azima. A Luvanda anatsuka kabuleta, anasintha pulagi, anaika sefa yatsopano, anathira petulo wawo, makina n'kulira ngati ogula dzulo. Festo akapita nawo kutchire, mawa lake wabwerera nawo.

"Apongozi, mwina maso ayamba kukuvutani," anatero Festo tsiku lina, akutokosa m'mano ndi kamtengo. "Anzanga akuti ndikayese kwa achinyamata ku Njombe."

Asa! Mwana wadzulodzulo! A Luvanda anameza mawu chifukwa mkamwini satukwanidwa pamsika, koma mtima unawira. Kutacha anatseka shedi yawo n'kumulondola kutchire osamuuza.

Anamupeza atakhala pachitsa, makina ali gone mu utuchi. Pambali panali chigubu chachikasu chomwe amatengera petulo, ntchentche zitaunjikana pakamwa pake. Ntchentche kutsata petulo, chiyambire liti? A Luvanda anatola botolo lodula, anathiramo pang'ono n'kuliika pachipika. Pamwamba panayandama petulo, koma pansi panadikha madzi otuwa, a nsenga, muli tinjuchi takufa. Atanunkhiza anabweza mutu. Unali ulanzi, mowa umene umadontha ku nsungwi zikadulidwa kunsonga, wosasa kale.

Anatsegula thanki, anakola paipi ndi kawaya n'kuikokera kunja. Kunsonga kwake kunalibe kanthu.

"Sefa ndinaika dzana ija ili kuti, bambo?"

"Imatseka njira, apongozi, ndinataya. Ndapotokolanso kasikuluwu ka pa kabuletapa. Dzulo mukanamva mmene amakuwira, eee, mpaka tsidya lija!"

Ndiwo umbuli wa amuna a kutchire umenewo, amati makina okuwa kwambiri ndiye amphamvu. Sadziwa kuti kukuwako ndi njala, mafuta ndi oyilo sizikufika, chitsulo chikudyana ndi chitsulo chinzake. A Luvanda anamasula potulukira utsi n'kusuzumira mkati. Pisitoni inali yokalikakalika ngati yapalasidwa ndi nkhuku. Anakoka chingwe, chinangobwera wedewede, chopanda kulimba kulikonse. Analavula pansi, malovu owawa.

Nthawi yomweyo Atu anatulukira m'kanjira, mwana kumsana, mbale ya mbatata zophika pamutu. Anali ataonda, ndipo bambo ake anaona zimenezo kwa nthawi yoyamba, chifukwa masiku onsewa ankangoyang'ana makina.

"Bambo, muli kuno? Iii, chigubu changa ichi! Ndachifuna m'mawa wonse, nsungwi zadontha mpaka kutayikira, ndilibe mothira."

"Iwe Atu, wayamba kugulitsa ulanzi?"

"Nanga ana adya chiyani, bambo? Za matabwa sizifika pakhomo." Anayankhula motsitsa, osayang'ana mwamuna wake. "Chigubu n'chimodzi. Iwo akabwera nacho ndimatsuka ndi phulusa kuti anthu asamve fungo. Ine ndikabwera nacho kuchokera kumsewu kogulitsa, iwo amangotenga n'kuthira petulo momwemo."

"Kadontho ka mowa kangaphe chitsulo?" anaseka Festo, dzanja lili kale m'mbale ya mbatata. "Ife timamwa tsiku lililonse, tafa?"

 A Luvanda anamuyang'ana akutafuna, zinyenyeswa zikugwera m'ndevu, ndipo ananyansidwa naye, ananyansidwa ndi chigubu, ananyansidwanso ndi iwo eni amene anavomera tsiku lija. Munthu wolephera kutsukuluza chigubu anamupatsa mwana wawo ndi phiri lomwe.

Atu anayandikira, anagwada pafupi ndi makina aja n'kuchotsa utuchi pachivundikiro ndi nsonga ya chitenje.

"Akonzeka, eti bambo? Inu simulephera."

Mkuluyu sananamizepo munthu pa nkhani ya makina, ndipo sakanayambira pa mwana wake.

"Afa, mwanangu. Kukonza kwake n'kugula ena."

Atu anayang'ananso makinawo. Kenako anamanga bwino mwana kumsana, anakhuthula chigubu chija pansi, anachinunkhiza, n'kutsetsereka nacho kumtsinje kuti akachitsuke ulanzi wa lero usanasase kunsungwi kuja.